Kapepala ka M'thumba la Wilbroad

M'chaka cha 1979, mu ofesi ina ya boma kuseri kwa msewu wa Cairo, munali mawu awiri omwe ankamveka kuposa moni: "Funsani Wilbroad." Lipoti likatuluka lopanda mutu, funsani Wilbroad. Kompyuta ikalavula zosamveka, funsani Wilbroad. Ndipo Wilbroad Sakala, mwana wa ku Katete wokhala m'kanyumba ka boma ku Kabwata, ankadzuka pampando pang'onopang'ono ngati mkamwini woitanidwa kukadya, n'kukonza kolala, n'kupita kukafunsidwa.

Ntchito ya ofesiyo inali kulandira manambala a mvula ochokera m'maboma onse n'kuwasandutsa malipoti. Kompyuta yake inali yaikulu ngati nkhokwe zitatu, inkakhala m'chipinda chozizira, ndipo chakudya chake chinali makhadi oboola. Mzungu wina wa ku Norway, yemwe anagwirapo ntchito kale, anapangira ofesiyo kachilankhulo kakekake kouzira makinawo zochita, kosavuta moti ndi kalaliki yemwe ankatha kulemba. Koma kuti kompyuta imve kachilankhuloko, panali pulogalamu yaikulu yomasulira, makhadi odzaza mabokosi asanu. Mabokosi amenewo ndiwo anali munda wa Wilbroad.

Pakati pa makhadiwo, mzungu uja anaikamo ena amene makina ankangowadumpha osawerenga. Amenewo anali a anthu, makhadi a ndemanga. Ankafotokoza kuti apa tikuchita chakuti, ndipo kawirikawiri ankalozera kwina: "Za mwezi wa Febuluwale, onani khadi 2310." Munthu ankatsata ndi chala pa chipepala chachitali chomwe makina ankasindikiza, mpaka kukafika pomwe akufuna.

Vuto linali pa manambala. Khadi lililonse linali ndi nambala yake, ndipo manambalawo ankadumpha khumikhumi kuti pakhale mpata wolowetsapo khadi latsopano. Mipata ikadzaza, makina ankapatsanso makhadi onse manambala ena kuyambira poyamba. Ndemanga zokha sankazikhudza. Zinkangolozabe kwakale, ngati munthu wolondolera mlendo kumudzi woti unasamuka dzinja lathalo.

Mzungu uja ponyamuka anasiyira Wilbroad lamulo limodzi: manambala akasintha, konza ndemanga. Chaka choyamba anakonzadi. Chachiwiri anachedwa sabata imodzi, ndipo m'sabata imeneyo anthu asanu anabwera patebulo pake kudzafunsa njira, wina mpaka anamugulira banzi. Wilbroad anatafuna banzilo akuganiza mozama. Kuyambira tsiku limenelo sanakonzenso ndemanga ndi imodzi yomwe. Anakagula kabuku kofiira ku Kamwala, n'kumalembamo yekha kuti 2310 yakale tsopano ili pa 2870, ndipo kabukuko kankagona m'thumba la mkati la jekete lake. Sanali munthu woipa ayi. Ankangokonda kufunidwa.

Lolemba lina mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa, inafika kalata yochokera kwa mkazi wake Helen, yemwe anapita kwawo kukachira. Mwana wamkazi anali atabadwa bwinobwino, izo Wilbroad ankazidziwa kale. Zatsopano zinali m'munsi. "Abusa abwera kudzabatiza Lamulungu likubwerali," inatero kalatayo. "Akadutsa apa, kubweranso ndi pa Isitala. Azakhali a Josephine akuti bambo wobisala m'mapepala alibe pakamwa, ndiye mukapanda kufika, dzina apereka okha. Mukulidziwa dzina lomwe amalikonda."

Ankalidziwadi. M'mudzi umenewo munali kale tiana titatu totchedwa Josephine. Azakhali omwewo ndi amene pa chinkhoswe anafunsa mokweza ngati kuboola mapepala ili ntchito ya munthu kapena ya chiswe. Ndipo Wilbroad, tsiku loika maliro a mayi ake, analonjeza ataima pamanda kuti mwana wake woyamba wamkazi adzakhala Emmy, dzina la malemuwo. Basi ya ku Katete inkanyamuka Lachisanu m'mawa.

Anapinda kalatayo n'kukagogoda kwa bwana wake, a Kalaba Musonda, Mbemba wa ku Luapula wokhala ku Woodlands, wa suti ya safari yosita mpaka kunyezimira. Poti Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pachimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala, awiriwa sankapatsana moni wopanda chitonzo.

"Shani, wakudya mbeba?" anatero a Musonda. "Nkhope yagwa monga mbeba zonse zathawila ku Malawi."

"Zikalipo, ba bosi, ni anyani anu amene asila mu sanga. Nabwela kupempha livu ya wiki imodzi. Mwana abatizika pa Sande."

"Mwana! Awe, ni zabwino. Tipemphele chabe kuti afanane na amake." Anamwetulira, kenako anatseka cholembera chawo. "Koma iyai."

"Ba bosi?"

"Ukumbukila mu Malichi? Unadwala malungo masiku yabili chabe. Ine nemwine ninankhala pansi na chipepala chija, nifuna kuona vamene makina yachita ngati boma ina sinatume namba. Ndemanga yakamba ati ona 4470. Nayenda pa 4470, napeza nkhani ya kusindikiza mutu wa pepala. Lipoti inachoka ikamba ati ku Mongu kwagwa mvula yomiza na mitengo yonse. Ku likulu ananifunsa ngati nifuna atume mabwato." Anagogoda tebulo ndi chala. "Manje ni Novemba, manamba yabwela monga inswa. Ukayenda tizafunsa ndani? Mpando wako?"

Zaka zinayi Wilbroad anakhala akumanga mpanda kuti ena asalowe, ndipo apa ndi pomwe anaona kuti khomo lotulukira iye mwini anaiwala kusiya.

"Ningakonze, ba bosi," anatero motsitsa mawu. "Ndemanga zonse."

"Oho! Kansi zimakonzeka?" A Musonda anamuyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi likuseka. "Chabwino. Pa Chinayi, fotini awazi, unibweletsele chipepala chatsopano. Nizasankha ndemanga teni, menso yotseka, na chala changa. Zonse teni zikanifikitsa pamene zikamba, nasaina. Imodzi chabe ikanitaya mu sanga, uzabatiza makadi."

Madzulo a tsikulo Wilbroad anawerenga ndemanga zonse zolozera kwina, n'kupeza 412. Anatulutsa kabuku kofiira, n'kukabisa pansi pa chipepala, n'kuyamba. Pa ndemanga iliyonse ankalemba kapepala ka nambala yoona, ndipo timapepalato ankatitengera kwa Mayi Eness Njobvu, amene ntchito yawo inali kuboola makhadi. Lachiwiri lonse sanadzutse mutu. Ndipo poti chikumbumtima chikadzuka chimadzuka ndi phuma, sanangokonza manambala okha. Pomwe mzungu analemba mzere umodzi, iye ankaonjezera iwiri yofotokoza bwino, apa khadi, apo makhadi atatu, kuti bwana aone khama.

Lachitatu m'mawa, nthawi ya ofesi yawo pa kompyuta itakwana, anathira mabokosi onse asanu. Makina anameza, anang'ung'udza, n'kuona kuti mipata yadzaza ndi makhadi atsopano aja. Anachita zomwe ankachita masiku onse: anapatsanso makhadi onse manambala ena.

Wilbroad anatenga chipepala chikadali chofunda. Ndemanga yoyamba yomwe anakonza dzulo lake inkati onani 2870. Pa 2870 panalibe Febuluwale. Anayesa yachiwiri, yachitatu. Ndemanga mazana awiri zomwe anatuluka nazo thukuta zinali zitanamanso, ndipo tsopano ndi kabuku kofiira komwe kanali kunama nazo limodzi.

Masana anakakhala pa benchi pansi pa mjakaranda kuseri kwa ofesi, atagwira chinangwa chootcha chomwe sankachidya. Mayi Eness anabwera n'kukhala chapambali pake, n'kumasula kansalu ka nsawa. Anali mayi wa ku Chadiza, wamkulu kwa iye zaka khumi ndi zisanu, wokhala ku Chelstone, ndipo ankaboola makhadi mu ofesimo kuyambira nthawi ya mzungu uja. Akakhala awiri ankalankhula za kwawo, osati za m'tauni.

"Mwana wa kwathu," anatero, "kabuku kofiira kakana?"

Chinangwa chinatsala pang'ono kugwa. "Kabuku kati, amayi?"

"Komwe mumakasisita pachifuwa munthu akakufunsani, ngati mukumva chibayo."

Wilbroad anayang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako nyerere ina yomwe inkadutsa.

"Makhadi onsewa ndinaboola ndi zala izi," anapitiriza Mayi Eness akumenya nsawa, "ena kawiri, ena katatu. Mumayesa ndimaboola nditatsinzina?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Anandifunsa ndani? Muno amati funsani Wilbroad."

Kenako Wilbroad anawauza zonse, za kalata, za azakhali, za lonjezo la pamanda. Atafika pa dzina la Emmy, Mayi Eness anamuthirira nsawa m'manja.

"Imvani," anatero pambuyo pake. "Nditangosamukira ku Chelstone ndinkauza anthu kuti nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera pa thanki. Khansolo inadzamanga ziwiri pakati. Tsiku lina nditadwala, amayi a ku mpingo anabwera kudzandizonda. Anawerenga imodzi, ziwiri, zitatu, n'kulowa kwa bambo wina Mlozi yemwe anali tcheru bwinobwino akumvera wailesi. Anamuimbira nyimbo zitatu, anamupempherera, n'kumusiyira nkhuku yanga. Mpaka lero bamboyo akandiona amafunsa kuti ndidwala liti."

Wilbroad anaseka ngakhale sankafuna.

"Kodi kwanu ku Katete mumawerenga nyumba? Si mumangoti kwa aNaphiri, kwa aGomani? Amange nyumba zana pakati, kwa aGomani ndi kwa aGomani basi. Mzungu uja gawo lililonse la pulogalamu analipatsa dzina. Lozerani dzinalo, manambala aziyenda okha."

"Nanga munthu akapeza bwanji pomwe pali dzinalo?"

"Musandiyese mwana. Makina amasindikiza okha kumapeto ndandanda wa maina onse, lililonse ndi pomwe lili tsiku limenelo. Masamba anayi. Omwe mumang'amba aja musanapereke chipepala."

"Amayakira bwino pa mbaula," anatero Wilbroad, mawu ali pansi.

"Ndiye lero Helen kulibe, mbaula ipume."

Anabwerera m'kati n'kuyambiranso. Wilbroad ankatsata ndemanga iliyonse mpaka pomwe imayenera kufika, n'kulemba kapepala: onani gawo la Febuluwale, onani gawo la Mutu wa Pepala, onani gawo la Kuphatikiza Zigawo. Mayi Eness ankaboola, makina awo akulira ngati matalala pa malata. Kawiri anamubwezera kapepala. "Apa mwalakwa. Mzungu ankanena gawo linalo, lija la mamilimita." Ndipo kawiri konseko anali olondola. Pa nthawi yoweruka anali atadutsa mazana awiri ndi makumi asanu, ndipo Lachinayi onse awiri anafika mlonda asanatsegule geti.

Cha m'ma leveni koloko Wilbroad analemba kapepala kotsiriza. Kanali ka ndemanga ija yonena za boma lomwe silinatumize nambala, pamtima penipeni pa pulogalamu, pomwe anthu ankasochera kwambiri. Pamwamba analemba nambala yakale yomwe ndemangayo inkalozera, 4470, kuti Mayi Eness adziwe khadi lochotsa, ndipo pansi analemba dzina la gawo loyenera. Anakayang'ana kapepalako. Akadzabwerako ku Katete adzakhala ndani? Munthu wongokhala patebulo, anthu n'kumamudutsa ndi zala zawo pa chipepala, osamupatsa ndi moni? Kamodzi kokha, anaganiza. Kakhomo kamodzi kotsala, kuti nthawi ndi nthawi wina azibwerabe kudzagogoda. Mwa ndemanga 412, chala cha munthu wotsinzina chingagwere pomwepo bwanji?

Anakapinda kapepalako n'kukalowetsa m'thumba, pambali pa kabuku kofiira. Totsalato anakapereka.

"Ndi tomweti?" anafunsa Mayi Eness osadzutsa mutu.

"Ndi tomweto, amayi."

"Chabwino."

Pa fotini awazi, 2 koloko masana, a Musonda anayala chipepala chatsopano patebulo pawo mpaka china kulendewera pansi. Mayi Eness anaima pakhomo, akuti akudikira kutenga mabokosi. Bwana anavula magalasi, anatsinzina, n'kuzunguliza chala m'mwamba ngati kabawi, n'kuchigwetsa.

"Ona gawo la Febuluwale. Manje namba ili kuti?"

"Kumapeto, ba bosi. Pali lisiti ya mazina."

A Musonda anatsegula kumapeto. "Iyi lisiti inachoka kuti? Siniinaonepo."

"Makina yayamba kukhala na ulemu," anatero Wilbroad.

Bwana anapeza dzinalo, anatsata, anafika pa Febuluwale weniweni. "Wani." Anatsinzinanso. Yachiwiri inawafikitsa. Yachitatu, yachinayi. Pofika yachisanu ndi chiwiri anali atayamba kusangalala ndi masewerawo, akuimba kanyimbo ka Chibemba uku chala chikuzungulira. Yachisanu ndi chinayi inadutsa bwinobwino, ndipo Wilbroad m'maganizo anali atakhala kale pawindo la basi, akuona mapiri a ku Luangwa.

Pa yachikhumi a Musonda sanatsinzine. Anavala magalasi.

"Iyi ya lasiti ni yanga," anatero. "Nili na nkhani na ndemanga ina yake. Ija inanitumila mabwato ku Mongu."

"Munakamba ati menso yotseka, ba bosi."

"Ninatseka naini. Diso nayo ifuna kugwilako nchito."

Anayamba kutembenuza masamba, akunyowetsa chala ndi malovu. Wilbroad anamva kapepala ka m'thumba kaja kakutentha ngati khala. Anaona azakhali a Josephine ataima kutsogolo m'tchalitchi, atanyamula mwana wake, akumwetulira ndi mano onse. Anaona manda a mayi ake. Anafuna kulankhula, kuulula, kupempha theka la ola, koma chala cha bwana chinali chitafika kale.

"Aha. Iyi apa." A Musonda anaweramira pafupi. Anawerenga chamumtima, n'kupita kumapeto, n'kubwerera pakati, chala chikutsika pang'onopang'ono. Chinaima. "Hm. Yanifikitsa."

Wilbroad anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Koma pali mzele wina pansi pake," anatero bwana, n'kuwerenga mokweza, akutanthauzira yekha kuchokera m'Chingelezi: "Khadi ili laboledwa na E. Njobvu popanda kapepala. Mapepala yanafika 411. Kamodzi kanadwala, kagona mu thumba ya munthu."

Pakhomo paja Mayi Eness ankayang'ana denga ngati pali china cholembedwapo.

A Musonda anayamba kuseka chapansipansi, kenako mapewa anagwedezeka, kenako anavula magalasi n'kupukuta misozi. "Iwe wakudya mbeba! Mpaka pa lasiti ufuna kusiyako kamwendo kamodzi mu mugodi!" Anatambasula dzanja. "Leta."

Wilbroad anatulutsa kapepala kaja.

"Iyai, ako sunga, ukazikumbukila. Nikamba kabuku. Uganiza ni ba Eness beka bali na menso?"

Kabuku kofiira kanatuluka mwamanyazi n'kukagona m'dirowa ya bwana. A Musonda anakoka fomu ya tchuthi, anasaina ndi dzanja lalikulu, n'kuiponya patsogolo pake. "Wiki imodzi. Ukapeleke moni kuli mwana. Ndipo kuyambila lelo, wamene asoba njila afunse ba Eness. Iwe tizayamba kukufunsa chabe za mbeba."

Ali panja, mabokosi ali m'manja, Wilbroad anaima pamaso pa Mayi Eness osadziwa poyambira.

"Amayi, mwana akanapanda kukhala ndi dzina kale..."

"Ayi, ayi. Dzina langa pa mwana wa kamberembere ngati inu? Kaperekeni la amayi anu. Ine mukanditengere nsawa za ku Katete, zosasenda, ndipo muwerenge bwino. Ndikaziwerenganso."

Basi inanyamuka ku Kamwala Lachisanu m'mawa, inafera pa Kacholola, inadzukanso, ndipo Wilbroad anafika kumudzi Loweruka dzuwa likupendeka. Lamulungu kachalitchi ka udzu kanadzaza. Ana obatizidwa anali khumi ndi anayi, ndipo mkulu wa mpingo analengeza kuti bambo aliyense alembe dzina la mwana pa kapepala, abusa asasokoneze. Wilbroad anasisita matumba onse. Munalibe china koma kapepala kopindika kaja. Anabwereka pensulo, n'kulemba kuseri kwake.

Nthawi yawo itafika, Helen anayandikira ndi mwana, azakhali a Josephine ali pambuyo pake penipeni, atavala duku latsopano. Abusa anatambasula kapepalako, anakaika patali ndi maso, anakabweretsa pafupi.

"Folo, folo, seveni, ziro," anawerenga mosinkhasinkha. "Onani gawo la..."

"Mwaona!" anatero azakhali mokweza. "Ndinanena ine. Chiswe chilibe dzina lopereka. Abusa, lembani Jose..."

"Tembenuzani, abusa," anatero Wilbroad modekha. "Kumeneko n'kwakale."

Abusa anatembenuza kapepalako, anagwedeza mutu, n'kuviika dzanja m'madzi.

"Emmy," anatero.

Mwanayo anakuwa mpaka nkhuku za panja zinabalalika, ndipo Wilbroad, yemwe sabata yonse ikubwerayo panalibe woti amufunse kalikonse, anangoima pomwepo akumwetulira.